Malangizo a 2022 Okonza Chibadwa cha Mbewu: Kuwayeza ndi Mpunga wa ku Bua

Mu Ogasiti 2022 boma la Malawi linavomereza malangizo oyendetsera luso latsopano lokonza chibadwa cha zomera ndi ziweto, lomwe pa Chingerezi amati genome editing. Dziko lathu linakhala limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi, kutsatira Nigeria ndi Kenya, ndipo pamisonkhano ya akatswiri nkhaniyi imatchulidwa monyadira. Komabe ife a kafukufuku wa zaulimi tinazolowera kuti mtundu watsopano wa mbewu timauweruza ukaima m'munda pambali pa mbewu yomwe alimi akulima kale. Malangizo a boma nawonso ayenera kuyesedwa chimodzimodzi. M'nkhani ino ndawayeza ndi zosowa za mlimi wa mpunga pa sikimu ya Bua ku Nkhotakota. Chomwe ndapeza n'chakuti malangizowo analembedwa mwanzeru, koma ndondomeko ya sayansi yomwe yawazungulira sinakonzeke kuti phindu lake lifike pandime ya mlimiyo.

Zomwe malangizowa akunena

Chomera chilichonse chili ndi DNA, yomwe ili ngati kalata yaitali yofotokoza msinkhu wake, nthawi yochita maluwa, fungo la njere ndi mphamvu yolimbana ndi matenda. Kalatayi inagawika m'tizigawo, ndipo kachigawo kalikonse kali ndi ntchito yake. Mbewu zomwe timazitcha GMO zimapangidwa potenga kachigawo ka chamoyo china n'kukalowetsa m'chomera. Thonje la Bt, mwachitsanzo, lili ndi tizigawo tochokera ku bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Bacillus thuringiensis, tomwe timachititsa kuti mbozi ikadya thonjelo ife.

Luso la CRISPR, lomwe Emmanuelle Charpentier ndi Jennifer Doudna analifotokoza mu 2012 n'kulandira nalo mphoto ya Nobel mu 2020, limagwira ntchito mwa njira ina. Limadula DNA ya chomeracho pamalo amodzi osankhidwa, ndipo chomera chikamalumikiza podukapo, zilembo zochepa zimasintha kapena kutayika. Kusintha kotere kumachitikanso kokha m'chilengedwe, kungoti sikusankha malo. Zida zodulirazo zimatha kuchotsedwa pokwatitsa mibadwo yotsatira, moti mbewu yomaliza imakhala yopanda DNA yachilendo.

Lamulo lathu la Biosafety Act la 2002, malamulo ake a 2007 ndi ndondomeko ya 2008 zinalembedwa lusoli lisanabadwe. Malangizo a 2022 anadzatseka mpata umenewo. Mutu wake ndi wakuti wofuna kugwiritsa ntchito lusoli ayambe wakaonekera kwa oyang'anira, ndipo mbewu iliyonse iunikidwe payokha. Ikapezeka kuti ili ndi DNA yachilendo, itsate njira yonse ya GMO. Ikapezeka kuti ilibe, ionedwe ngati mbewu ina iliyonse yopangidwa pokwatitsa mitundu.

Mfundo imeneyi ndikugwirizana nayo. Ikuyang'ana chomwe chili m'mbewu, ndipo ikuchotsa mtolo womwe makampani akuluakulu okha ndiwo amatha kuusenza. Kuyendetsa mbewu ya GMO kuchokera mu labotale mpaka kumsika kumatenga zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani. Thonje la Bt linayamba kuyesedwa m'munda wotchingidwa ku Bunda mu 2013, ndipo linafika kwa alimi mu 2019. Malo a kafukufuku a boma monga Lifuwu ku Salima sangakwanitse ulendo wotere pa mbewu ya mpunga. Choncho pamfundo iyi olemba malangizowa anatsegula khomo lomwe linali lotseka kwa ife.

Ndani akusankha mbewu zoyesa?

Tikayang'ana mndandanda wa mbewu zaluso latsopano zomwe zayesedwa m'dziko muno, tipeza thonje la Bt, khobwe wa Bt ku Bunda, nthochi zolimbana ndi chisaka ku Bvumbwe, ndipo posachedwapa chimanga cha Bt cholimbana ndi ntchemberezandonda ku Bunda komweko. Zonsezi zikuyankha mavuto enieni. Ntchemberezandonda zinafika pochititsa boma kulengeza za tsoka m'maboma 20 mu Disembala 2017, ndipo chisaka chinatha minda ya nthochi ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay. Komabe mbewu zonsezi zinabwera ndi eni luso akunja, kaya ndi kampani kapena bungwe lothandiza. Ife tinapereka malo, manja ndi chilolezo.

Mpunga mulibe pamndandandawu, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Mpunga umadzibereketsa wokha, duwa lililonse ndi mungu wake womwe. Mlimi akagula mbewu kamodzi atha kusunga yake n'kubzala nyengo zingapo osaona kusintha kwenikweni. Kampani yogulitsa chimanga cha haibulidi imadziwa kuti mlimi abweranso chaka chamawa, pomwe wogulitsa mbewu ya mpunga alibe chiyembekezo chotere. Ndiye ngati Kilombero kapena Faya adzakonzedwe ndi CRISPR, ntchitoyo idzagwiridwa ndi ndalama za boma kapena siidzagwiridwa konse. Malangizo a 2022 akufotokoza momwe boma lidzalandirire wobwera ndi mbewu yake. Palibe ndondomeko yolimba yoyenda nawo limodzi yonena kuti dziko lino likufuna kukonza mbewu ziti, pa mavuto ati, ndi ndalama zochokera kuti.

Zomwe munda wa ku Bua ukufunsa

Sikimu ya Bua ndi imodzi mwa masikimu a mthirira omwe boma linatsegula m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo pambuyo pa lamulo la ulimi wothirira la 2001 kayendetsedwe ka masikimu otere kanayamba kuperekedwa kwa mabungwe a alimi ogwiritsa ntchito madzi. Madzi ake amachokera mumtsinje wa Bua, womwe umayambira ku Mchinji, kudutsa ku Kasungu ndi m'nkhalango ya Nkhotakota usanathire m'nyanja. Pali mavuto atatu a m'dera lotere omwe sayansi ya masiku ano ili nawo ndi mayankho, ngakhale mayankhowo ndi osiyana kukhwima kwake.

Loyamba ndi chiwawu cha masamba chobwera ndi bakiteriya wotchedwa Xanthomonas oryzae. Mu 2019 ku Dakawa m'chigawo cha Morogoro ku Tanzania kunabuka mtundu wa bakiteriyayu wofanana ndi wa ku Asia, wosiyana ndi mitundu yomwe inkadziwika mu Africa. Bakiteriyayu amapulumuka pobera chomera shuga. Amatumiza mapulotini omwe amakatsegula tizigawo ta chibadwa totchedwa SWEET, ndipo shuga amatuluka m'maselo kupita komwe iye ali. Akatswiri a ku Düsseldorf ku Germany pamodzi ndi anzawo a ku France ndi ku Tanzania anasintha ndi CRISPR malo omwe mapulotiniwo amagwira mu mpunga wa Komboka, ndipo mu 2023 anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mpungawo unalimba ku matendawa m'nyumba zoyesera mbewu. Mpunga ndi mbewu zimadutsa pa Songwe tsiku ndi tsiku, ndipo pali msewu wochoka ku Karonga kufika ku Nkhotakota. Apa ndi pomwe malangizo athu akanagwira ntchito mwachangu. Koma choyamba n'kudziwa mitundu ya bakiteriya yomwe ili m'minda yathu, ndipo zimenezi zimafuna kalondolondo wa nyengo iliyonse, wotola masamba odwala n'kuwayeza DNA. Kusintha SWEET osadziwa mdani yemwe ulimbana naye n'kutchera msampha pomwe mbewa siidutsa.

Lachiwiri ndi madzi osefukira. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mtsinje wa Dwangwa unasefukira n'kusowetsa pokhala mabanja ambiri m'boma lomwe lino, ndipo chaka chomwecho nyanja inakwera n'kumiza minda ya m'mphepete. Yankho la vuto ili lilipo kale ndipo silifuna CRISPR. Kachigawo kotchedwa SUB1, kochokera mu mpunga wamakolo wa ku India wotchedwa FR13A, kanafotokozedwa mu 2006 ndi gulu la David Mackill ndi Pamela Ronald. Kamachititsa kuti mpunga ukamizidwa usathamangire kutalika, usunge chakudya chake, n'kudzaphukanso madzi akaphwa, ngakhale patapita pafupifupi masabata awiri. Analowetsa kachigawoka mu mpunga wa Swarna pokwatitsa mwa nthawi zonse, mothandizidwa ndi zizindikiro za DNA, ndipo Swarna-Sub1 anatulutsidwa ku India mu 2009. Tiyenera kunena poyera malire ake. SUB1 amapulumutsa mpunga ku madzi obwera n'kupita, ngati a mtsinje wosefukira. Munda womwe wamizidwa ndi nyanja kwa miyezi sangaupulumutse, ndipo sangachotse mchenga womwe wakwirira ngalande. Chondidetsa nkhawa n'chakuti pomwe tikukambirana za luso la 2012, luso la 2006, lotsika mtengo ndi losafuna chilolezo chapadera, silinafike mu Kilombero ndi Faya yemwe alimi a kuno amalima.

Lachitatu ndi msinkhu ndi nthawi ya Kilombero. Mpungawu ndi wautali, umagwa ukathiridwa feteleza wambiri wa nayitrojeni, ndipo umachita maluwa motsatira kutalika kwa tsiku, n'chifukwa chake sukolola bwino ukabzalidwa m'chilimwe. Tizigawo toyendetsa zinthu ziwirizi n'todziwika. Kachigawo ka sd1 ndi komwe kanafupikitsa mpunga wa IR8 womwe IRRI inatulutsa mu 1966, ndipo Hd1 ndi kamodzi mwa tomwe timayang'anira nthawi ya maluwa. Kukonza tizigawo timeneti mwa Kilombero mwini wake kungatipatse mpunga wamfupi wolimidwa kawiri pachaka, osasokoneza chibadwa chake chonse monga zimachitikira pokwatitsa. Pa ntchito zonse zomwe CRISPR ingagwire m'dziko muno, iyi ndi imodzi mwa zomwe zingabweze ndalama msanga. Ilinso ndi chiopsezo chachikulu, chifukwa walira mvula walira matope.

Fungo ndilo msika

Mlimi wa ku Bua amapirira ndi Kilombero ndi Faya, ngakhale pali mitundu ina yobereka kuposa iwo monga Nunkile ndi Mtupatupa, chifukwa wogula ku Lilongwe ndi ku Blantyre amayamba wanunkhiza asanafunse mtengo. Fungolo limachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa 2-acetyl-1-pyrroline, omwe amachuluka mu njere pamene kachigawo kotchedwa BADH2 kasiya kugwira ntchito. Koma ubwino wa Kilombero suthera pa kachigawo kamodzi. Kutalika kwa njere, kusasweka kwake pachigayo ndi kufewa kwake ukaphikidwa zimadalira tizigawo tambiri, komanso nyengo yomwe njere zikukhwima. Mpunga womwe wasinthidwa kuti ukhwime mwezi wotentha utha kukhala ndi BADH2 yemweyo koma n'kumasweka pachigayo ndi kuchepa fungo.

Dziko la Burkina Faso linaphunzira zimenezi movutikira. Linayamba kulima thonje la Bt mu 2008, ndipo mbozi zinachepadi. Koma ulusi wa thonjelo unafupika poyerekeza ndi mitundu yakale yomwe inapatsa dzikolo mbiri pamsika wa kunja, mtengo unatsika, ndipo mu 2016 makampani a thonje a kumeneko analisiya. Vuto silinali pa chitetezo cha anthu kapena chilengedwe, zomwe oyang'anira anaziunika. Linali pa ubwino wa zokolola, zomwe sizinayang'anidwe mokwanira. Malangizo athu a 2022 nawonso amafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi muli DNA yachilendo kapena ayi. Ndi funso loyenera kwa oyang'anira chitetezo. Mafunso otsalawo agwera komiti yovomereza maluso a zaulimi ya ATCC, ndipo komitiyo imaweruza ndi zomwe ife oyesa taipatsa.

Palinso nkhani ya msika wa kunja. Kilombero wa ku Karonga wakhala akugulitsidwa ku Scotland kudzera m'malonda achilungamo. Mu 2018 khoti lalikulu la European Union linagamula kuti mbewu zokonzedwa ndi luso latsopanoli zitsate malamulo a GMO, ndipo ngakhale England inapanga lamulo lofewerapo mu 2023, lamulolo silikhudza Scotland. Malamulo a maiko amenewa akusinthabe. Popeza mbewu yokonzedwa yopanda DNA yachilendo siidzafuna chizindikiro chapadera kuno kwathu, ndipo popeza mpunga umasakanikirana pa mavenda ndi pachigayo, tiyenera kugwirizana ndi ogula ndi mabungwe a alimi momwe tidzasiyanitsire mitundu tisanatulutse ngakhale thumba limodzi.

Kuyesa komwe tiyenera kuumirira

Mu Meyi 2025 dziko la India linalengeza mitundu iwiri ya mpunga yokonzedwa ndi CRISPR, DRR Dhan 100 wochokera ku Samba Mahsuri ndi Pusa DST Rice 1 wochokera ku MTU1010. Yonse inapangidwa ndi mabungwe a kafukufuku a boma, zomwe zikusonyeza kuti boma lomwe laikapo mtima litha kuchita ntchitoyi pa mitundu yomwe alimi ake amaikonda kale. Koma posakhalitsa kunabuka mkangano, magulu ena akunena kuti zotsatira za m'malo osiyanasiyana oyesera sizikugwirizana ndi kuchuluka kwa zokolola komwe kunalengezedwa. Kaya wolondola ndi ndani, phunziro kwa ife ndi lakuti manambala a malo aliwonse aziikidwa poyera mbewu isanatulutsidwe.

Pa mpunga wa m'mbali mwa nyanja ndikuona kuti muyezo uyenera kukhala uwu. Mtundu wokonzedwa uyesedwe pambali pa kholo lake lenileni, lochokera ku mbewu yomweyo yomwe inakonzedwa, chifukwa Kilombero wogula pamsika ndi wosakanikirana ndipo angapangitse mtundu uliwonse kuoneka wopambana. Kuyesako kuchitike kwa nyengo zosachepera ziwiri za dzinja ndi ziwiri za chilimwe, m'malo osiyana nthaka ndi kutentha monga Lifuwu, Bua, Limphasa, Hara ndi Domasi, ndi tindime tobwerezedwa mokwanira kuti kusiyana koonekako kusakhale kwa mwayi chabe. Pakhale tindime tina tosamalidwa monga momwe mlimi amasamalira, ndi feteleza wochepa ndi madzi odukizadukiza. Kuwonjezera pa kulemera kwa zokolola, tiyeze gawo la njere zamphumphu potuluka m'chigayo, ndipo amayi ophika ndi ogula mpunga alawe osauzidwa kuti mbale iyi ndi ya mtundu uti. Mtundu womwe wapambana pa sikelo n'kugwa pa mbale usatulutsidwe ndi dzina la Kilombero.

Mbewu, ndalama ndi umwini

Ngakhale titakhala ndi mtundu wabwino mawa, ungafike bwanji ku Bua? Mbewu ya mpunga imadutsa masitepe angapo, kuyambira pa mbewu yochepa yomwe katswiri wopanga mtunduwo amasunga, kufika pa mbewu yovomerezeka yomwe mlimi amagula. Sitepe iliyonse imafuna munda wotalikirana ndi mitundu ina, anthu ozula mpunga wachilendo ndi woyendera minda wokhala ndi mafuta a njinga yamoto. Alimi ambiri a mpunga amabzala mbewu yosunga okha kapena yopatsana, ndipo imasakanikirana mu nazale, popunthira ndi m'matumba. Lamulo la mbewu la 2022 linakhwimitsa zilango kwa ogulitsa mbewu yachinyengo, zomwe zinali zofunika, koma chilango sichichulukitsa mbewu. Chizindikiro cha DNA cha BADH2 chitha kutiuza m'masiku ochepa ngati mbewu yomwe gulu la alimi likuchulukitsa ndi yonunkhira yokhayokha. Luso lotsika mtengo ngati limeneli likanasintha ndalama za mlimi nyengo ino.

Zonsezi zimafuna ndalama zokhazikika. Maiko a mu African Union anagwirizana kuti azigwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma chawo pa kafukufuku, ndipo ife sitinafikepo. Lamulo la sayansi la 2003 linakhazikitsa bungwe la NCST, lomwe linayamba ntchito mu 2009. Mbali yaikulu ya ndalama za unduna wa zamalimidwe yakhala ikupita ku zipangizo zotsika mtengo, kuyambira FISP mu 2005 mpaka AIP mu 2020, ndipo kafukufuku wambiri watsala m'manja mwa mapulojekiti a abwenzi akunja a zaka zitatu kapena zisanu. Kupanga mtundu wa mpunga kumatenga nthawi yoposa pamenepo. Kutsekedwa kwa USAID mu 2025 kunationetsa momwe ntchito yodalira thumba la wina imaimira pakati pa nyengo.

Funso la umwini nalonso malangizowa sakuliyankha. Zida za CRISPR zili ndi eni ake omwe amapereka chilolezo, ndipo chilolezo chochitira kafukufuku n'chosiyana ndi chogulitsira mbewu. Lamulo lathu la 2018 loteteza opanga mitundu ya mbewu limapatsa umwini yemwe wapanga mtundu watsopano. Tsono wina akasintha zilembo zochepa mwa Faya, yemwe alimi a m'mbali mwa nyanja amusunga kwa mibadwo, mtunduwo ndi wa yani? Malawi ali m'pangano la maiko la 2001 lokhudza mbewu za chakudya, lomwe limazindikira ufulu wa alimi. Mgwirizano uliwonse wotumiza mpunga wathu ku labotale yakunja uyenera kunena momveka kuti mlimi adzakhala ndi ufulu wosunga, kupatsana ndi kubzalanso mbewu yotulukayo.

Chilankhulo

Malamulo ndi malangizo onsewa ali m'Chingerezi. Mlangizi yemwe waima pamaso pa alimi ku Bua amayenera kudzipezera yekha mawu, ndipo ambiri amangotembenuza mawu akuti gene kukhala jini. Kuno ku Nkhotakota aliyense amadziwa kuti majini ndi chiyani, ndipo kuuza mlimi kuti mbewu iyi aikamo majini atsopano n'kuyatsa moto womwe sitidzatha kuuzima. Anthu akukumbukirabe 2002, pomwe chimanga cha GMO cha chithandizo chinaloledwa pokhapokha chitagayidwa, ndipo dziko la Zambia linachikana. Mantha amenewo sitingawathetse powanyoza. NCST, nthambi ya kafukufuku wa zaulimi ndi akatswiri a zilankhulo ku University of Malawi agwirizane pa mawu a Chichewa, Chitonga, Chiyao ndi Chitumbuka, ndipo malangizowo amasuliridwe mbewu yoyamba isanafike pamunda wachionetsero.

Zoyenera kuchita

Malangizo a 2022 akhalebe monga alili pa mfundo yake yaikulu. Chomwe chikusowa ndi ntchito yowazungulira, ndipo itsatane motere. Tiyambe ndi kuyeretsa mbewu ya makolo ya Kilombero ndi Faya pogwiritsa ntchito zizindikiro za DNA, n'kusunga gawo lake ku nkhokwe ya mbewu ku Chitedze. Tikhazikitse kalondolondo wa chiwawu ndi matenda a chikasu m'masikimu onse kuchokera ku Karonga kufika ku Salima. Tilowetse SUB1 m'mitundu yonunkhira pokwatitsa mwa nthawi zonse. Zitatu izi sizifuna chilolezo chatsopano. Kukonza SWEET, sd1 ndi Hd1 kubwere pambuyo pake, pamgwirizano womwe ukuphunzitsa achinyamata athu ku LUANAR ndi ku Lifuwu ndi kuteteza ufulu wa mlimi pa mbewu. Ndipo mabungwe a alimi a m'masikimu, kuphatikizapo a ku Bua, akhale ndi mpando pomwe pakusankhidwa mavuto oyamba kufufuzidwa, chifukwa ndi iwo omwe adzawokere mpungawo, kuupuntha ndi kukaima nawo pamaso pa wogula.